Miyala Imene Alamu Anayala M'nyumba Mwawo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1957, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndine mlamu wawo, anakwatira achemwali anga. Ambiri mwakhala mukunong'onezana kuti achemwaliwa, poti saona, akhala ndi yani tsopano. Khazikani mtima pansi, yankho lili m'mbiri yomweyi.

Sukulu anayamba mu 1964 n'kulekezera ku pulayimale. Okha ankati aphunzitsi anatopa ndi mafunso awo. Mu 1975 analowa ntchito pamalo ochekera mwala wa laimu, uja wotuwira ngati mkaka, umene amayala pansi ndi m'makoma a mahotela. Kumeneko anaphunzira kuupukuta mpaka munthu n'kudzionerapo nkhope, kuusalaza koma osawala, kuugogoda ndi hamala kuti ukhale wokhakhala, ndiponso kuudula timizere. Akapeza kachigoba ka nkhono mkati mwa mwala, ntchito inkaima, n'kumafunsa aliyense, ngakhale abwana, kuti kanalowamo bwanji.

Ukwati anamanga mu 1981. Atapuma pantchito mu 2016, anachita chinthu chimene chinatizunguza mutu tonse. Anagumula simenti yabwinobwino m'nyumba mwawo n'kuyalamo zidutswa zotsala kuntchito. Pabalaza anaika mwala wonyezimira, kuchipinda wosalala, kukhitchini watimizere, polowera kubafa wokhakhala. Munthu amene anakongoletsa mahotela! Ine ndinkawaseka kuti ukalamba wawalowa m'manja. Ndikafunsa chifukwa, munthu wokonda mafunsoyu ankangosintha nkhani.

Mu 2021 maso a achemwali anasiyiratu kuona. Mu 2023 malemu anayamba kutsokomola, ndipo kuchipatala anati fumbi la mwala linawadya m'chifuwa. Adokotala anawaletsa kugwira girayinda, makina odulira miyala, koma ankazemba. Tinkawapeza atagwada panja, befu ali phuphuphu, akuyala kanjira kochokera pakhomo kukafika pageti. Tinawakalipira, osamva. Anakamaliza mu Epulo chaka chino, ndipo anatisiya pa 4 Juni 2025.

Dzulo abale tinakhala pansi n'kugwirizana kuti achemwali asamukire kwa mwana wawo wamkulu, m'nyumbamo mulowe anthu a lendi. Achemwali sanatitsutse ndi pakamwa. Anavula nsapato, n'kuimirira, kulowa kukhitchini, kutunga madzi, kudzandipatsa ine m'manja osatayako ndi dontho lomwe. Kenako anatuluka mpaka pageti n'kubwerera popanda wowagwira dzanja. Atakhala pansi m'pamene anatiuza kuti chaka chimene malemu anagumula simenti ndi chomwe adokotala anawachenjeza kuti maso a achemwali adzasiya kuona, ndipo ankadziwa ndi awiriwo basi. Madzulo alionse malemu ankawamanga kansalu kumaso n'kumawayendetsa, mpaka mapazi analoweza chipinda chilichonse. Ine ndinaika pansi madzi aja n'kulira. Choncho achemwali sakusamuka. Adzukulu azisinthana kudzagona nawo, ndipo pasapezeke wodzayalamo kapeti.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, adzukulu asanu ndi awiri ndi mlongo wawo mmodzi. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzawo akuntchito amene abwera ndi galimoto, oyandikana nawo nyumba amene sanatisiye tokha, ndi nonse mwadzatikhuza. Alamu, usani mumtendere, musadere nkhawa. Akazi anu njira akuidziwa.