Majombo a Pakhomo pa Amake Lastone

Malemu bambo Lastone Daka, amene tawazungulira pano lero, anabadwa pa 9 Juni 1948 m'komboni yakale ya kuseri kwa siteshoni, kuno ku Kafue. Bambo awo anali a Ackson Daka a ku Katete. Amayi awo ndi a Clementina Miti, awa akhala pamphasa apawa. Ine wowerengane ndine Elina Daka, azakhali a malemu, mlongo wawo wa a Ackson. Sukulu ndinalekera mu Sabu B, ndiye ndikapunthwa mundidikire. Malemu anandituma okha kuti ndilembe pepalali, ati pabanja lonse wopanda manyazi ndine ndekha.

M'chaka cha 1953, malemu ali ndi zaka zisanu, mlongo wanga anakwera sitima ya kumwera, ati akukafuna ntchito yabwino ku Bulawayo. Kalata sanalembe, ndipo sanabwerenso. Ndi magazi anga, koma pamaliro sindinganame. Anasiya mkazi, mwana mmodzi ndi majombo a saizi teni, amene anawakana chifukwa limodzi linali ndi msomali wobaya chidendene.

Achinyamata mvetserani, chifukwa izi simunazione. Masiku amenewo nyumba ya m'komboni inali ya mwamuna wapantchito. Mkazi akapezeka ali yekha ankamukweza lole n'kumubweza kumudzi. Lolemba lililonse m'mawa kapitawo wa komboni, a Fines, ankayenda khomo ndi khomo ndi ndodo yawo kuona ngati mwini nyumba alipo. Kwawo kwa alamu angawa, a Clementina, kunalibe sukulu. Anandiuza maso ali gwa kuti mwana wawo sakaweta mbuzi za anthu, aphunzira konkuno.

Nzeru ya majombo inali yanga, Mulungu andikhululukire. Tinawaika pakhomo, n'kumauza aliyense kuti a Daka ali m'gulu lokonza njanji kutchire, akafika amagona ngati chipika, musawadzutse. Lamlungu lililonse ndinkawavala ine, kukaponda matope kumtsinje, n'kubwera ndikusiya mapazi mpaka pakhomo. Msomali uja unandidziwa bwino. Alamu ankachapa ovolosi yopanda mwini n'kuiyanika poonekera. Tsiku lina a Fines anayang'anitsitsa mapazi aja, n'kunena kuti a Daka masiku ano akuponda pafupipafupi ngati mayi wosenza mtolo. Anapitiriza ulendo wawo, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo. Anatisiya kale. Ngati pano pali adzukulu awo, dziwani kuti agogo anu anali munthu.

Zaka khumi ndi chimodzi mayi awa anagwira nyumba imeneyo okha. Ankalawira kumtsinje kukagula nsomba kwa asodzi, kuziwamba, ndipo sitima ikaima ankathamanga m'mbali mwake atakweza mbale kumawindo. Muone manja awo, utsi sunachokemo. Masiku ena nshima inkakwana mwana yekha, iwo n'kumunamiza kuti adya kale kwa azakhali. Kwa ine sanadye.

M'chaka cha 1956 malemu anayamba sukulu, akuyenda pansi popanda nsapato. Anzawo anawatcha mwana wa jombo, chifukwa bambo wake palibe anamuonapo nkhope. Mu Juni 1959 kunazizira kwambiri, mapazi a mwanayo anang'ambika mpaka kutuluka magazi. Anapempha majombo aja, amayi anakana. Lolemba lina anawavala mobisa, atatsendera nsanza kutsogolo, n'kupita nawo kusukulu. Amayi atatuluka anapeza pakhomo pali mbee, a Fines ali nyumba zisanu kuchokera pathu. Ine ndinawaimitsa kapitawo ndi nkhani ya nkhuku yanga yobedwa, nkhuku imene sindinakhale nayo. Alamu anathamangira kusukulu, anamuvula mwana pamaso pa anzake onse, n'kubwerera nawo majombo atawabisa m'chitenje.

Mwana sanawalankhule amayi ake sabata yathunthu. Iwo sanadzikambire mlandu. Ankangomutenthetsera madzi, n'kumupaka mafuta a nsomba m'ming'alu ya mapazi, onse awiri ali chete. Malemu anandiuza chaka chatha kuti sabata imeneyo ndiyo inawapweteka moyo wawo wonse, osati chifukwa chovulidwa, koma chifukwa cha kukhala chete kuja.

Pa 24 Okutobala 1964 dziko linalandira ufulu. Posakhalitsa a Fines anapachika ndodo yawo, ndipo panalibenso wofunsa mkazi kuti mwamuna wako ali kuti. Majombo analowa pansi pa bedi. Malemu anamaliza Fomu 2 m'chaka cha 1966, nakagwira ntchito m'minda ya ndiwo ku Shimabala.

M'chaka cha 1970 anawalemba ntchito kufakitale ya feteleza, itangotsegulidwa. M'mawa wa tsiku loyamba amayi anatulutsa majombo aja n'kuwaika patsogolo pa mwana wawo. Malemu anakhoma okha msomali uja ndi mwala, n'kuwavala. Anawakwana ndendende. Anayamba ndi kusenza matumba, kenaka anaphunzira makina, ndipo pofika 1979 anali kapitawo wa gawo lawo. Anzawo a ntchito muli pano, mukudziwa kuti munthu akachedwa chifukwa cha mwana wodwala, malemu ankayang'ana kumbali.

Pa 7 Julayi 1973 anamanga ukwati woyera ndi mayi Edna Mweemba, mphunzitsi, Mtonga wa konkuno kumtsinje. Poyamba ndinawavuta, ndinati Atonga atithera mkaka. Lero ndikunena pagulu kuti mpongozi woposa awa sindinamuone.

Iwo ankakhala m'nyumba ya kampani, koma m'chaka cha 1976 anamanga nyumba ya njerwa ku Nangongwe, iyi tagonamo maliroyi. Polembetsa mapepala ine ndinalipo. Kalaliki anafunsa dzina la mwini nyumba, malemu anati Clementina Miti. Kalaliki anafunsanso dzina la mwamuna wake. Malemu anayankha kuti, "Lembani lomwelo. Mwamuna wa panyumba pathu anali yemweyo."

Matenda a chifuwa anawayamba mu Novembala 1987. Anagona m'chipatala ku Lusaka kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anapempha kuti awabweretse kwa amayi awo. Sabata yatha anaitanitsa majombo aja, anawapukuta okha, n'kundipatsa mawu oti ndinene pano. Anati: "Azakhali, mukawauze Amama pamaso pa anthu kuti ndinamva. Ndinachedwa, koma ndinamva. Zikomo." Alamu, mawu anu ndi amenewo, ndawafikitsa. Malemu anatisiya Lamlungu pa 14 Ogasiti 1988, dzuwa lili paliwombo, mutu uli pamiyendo ya amayi awo. Anali ndi zaka makumi anayi.

Anandituma chinanso. Nyumba ya kampani ndi ya munthu wapantchito, ndiye mayi Edna ndi ana atulukamo. Adzakhala muno ndi agogo awo. Tsono ndaona abale anga a kwa Daka, amene Kafue sanaiponde zaka makumi atatu ndi zisanu. Mwafika dzulo ndi lole yopanda katundu, ndipo maso anu akuwerenga malata. Mwachita bwino kudzalira mwana wathu, tikuthokoza. Lole ibwerere mmene inabwerera. Malemu anati majombo abwererenso pakhomo, ndipo ndawaika m'mawa uno. Amene mwadutsa pamenepo mwaona kuti matope ake ndi atsopano. Miyendo yanga idakaliko.

Malemu asiya amayi awo a Clementina Miti, akazi awo mayi Edna, ana atatu, Cephas, Winfrida ndi Abel, komanso ine nkhalamba imene ndimayenera kutsogola.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi a mpingo amene sanatisiye kuyambira Lamlungu, anzawo a kufakitale amene akonza bokosi ndi galimoto, madokotala ndi anamwino, anyamata okumba manda, amayi a kumsika wa nsomba amene abwera kudzagwira mnzawo, ndi inu nonse a ku Nangongwe. Ambuye akubwezereni.

Lastone mwana wanga, wagwira ntchito yako. Amayi ako palibe adzawakweze lole. Mzimu wako uuse mumtendere wa Ambuye.