Lole ya Bambo Yapezeka mu Gemu

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu wa kunja kwa banja lathu, ngakhale mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi: lole imene bambo anaipeza mu gemu Loweruka lija ndinapanga ndine.

Ndifotokoze kaye. Bambo anayendetsa lole imodzi kwa zaka khumi ndi chimodzi, yabuluu, yokalamba, imene ankaitcha Mkazi Wamkulu mayi akakhala patali. Msana utayamba kuwavuta anaigulitsa, n'kuyamba ntchito yolemba magalimoto olowa ndi otuluka pa depoti. Pabwalo pathu panatsala banga lakuda la oyilo, ndipo m'mawa uliwonse ankalilambalala ngati lole ikadali pomwepo. Patapita miyezi anagula makina a gemu, amvekere ndi a ine. Koma padi, kachipangizo koseweretsera kaja, ndimakagwira akafuna kuti ndiwalembere kanthu basi. Iwo ndi amene amakhala kutsogolo kwa TV, kuyendetsa malole a mu gemu, n'kumakalipira madalaivala amene kulibe.

Gemuyo ili ndi kasitolo kake mkati, momwe osewera wamba amaikamo zinthu zimene apanga okha. Timazitcha mamodi. Wina apanga msewu, wina hutala, wina galimoto yathunthu. Zina n'zaulere, zina zogula. Ine ndinapanga Mkazi Wamkulu. Zinanditengera matemu awiri m'chipinda cha makompyuta kusukulu, anzanga akucheza panja. Ndinagwiritsa ntchito zithunzi za mufoni ya mayi, ndi kulira kwa injini kumene ndinajambula tsiku limene wogula anabwera kudzaitenga. Ndinaika mtengo wotsikitsitsa umene sitoloyo imalola, kungofuna kuona ngati alipo munthu amene anganene kuti ntchito yangayo ndi ntchito. Ndinkati bambo ndidzawauza pa tsiku lawo lobadwa. Tsikulo litafika ndinawapatsa masokosi.

Loweruka limenelo masana kunabwera amalume, mchimwene wawo wa mayi, akuchokera ku galaja yawo ovolosi ili m'thupi. Amalume ndi makaniko, ndipo ndi munthu woti ukawauza kuti wafa ndi njala, amakugwira pamkono kuti amve ngati mtima ukugunda. Lole ija ankakonza ndi iwo zaka zonsezo. Anakhala pa nyuzipepala imene mayi amawayalira pa sofa, ine ndili pansi ndi padi, bambo akundiuza kuti ndizitsika pa mndandanda wa mamodi. Mwadzidzidzi anati ndiime.

"Bwerera. Imeneyo. Taikulitsa."

Ndinaikulitsa. Chitseko chakumanzere chopindika. Galasi la m'mbali lomanga ndi waya. Bampala yopendekera ngati ikumvetsera nkhani ya pansi.

Bambo anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuvalanso.

"Alamu, mukuona zimene ndikuonazi?"

"Ndikuona," anatero amalume, nkhope itakwinyika. "Chitseko chimenecho ndinawongola ndi manja angawa. Wachipindanso ndani?"

"Sindikunena za chitseko. Ndikuti lole yanga akuigulitsa. Kwa ine mwiniwake."

"Inutu munagulitsa kale."

"Ndinagulitsa ya panja. Ya mu TV sindinagulitse."

"Munali nazo ziwiri?" Amalume anasuzumira kukhitchini, n'kutsitsa mawu. "Mlongo wanga akudziwa?"

Bambo anayamba ulaliki wawo umene ine ndinaumva kale kangapo. Anati makina anagula, gemu anagula, intaneti amalipira mwezi ndi mwezi, ndiye kamnyamata kena kosasamba kakhale m'chipinda cha makolo ake, kajambule matayala anayi, kenako kawatambasulire dzanja? Gemu ukagula wagula. Zopanga osewera ziyenera kukhala zaulere, kuthandizana, monga mmene dalaivala amauzira mnzake kuti kutsogoloko kuli dzenje. Kodi amamulipiritsa?

Amalume anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu, kenako anafunsa kuti dzenjelo lili pati, chifukwa ndi matayala amenewo lole siingapirire.

Kamnyamata kosasamba kaja kanali katakhala pamapazi awo, katavala diresi ya maluwa.

Sitoloyo imalola kuyesa modi kwa mphindi zisanu usanagule. Amalume atamva zimenezi anati n'zanzeru, galimoto sugula usanaimve. Bambo anati iwo sakuyesa kuti agule, akungoyendera katundu wawo. Anandilanda padi n'kudina.

Injini inatsokomola kawiri, inakhala ngati yasintha maganizo, kenako inalira.

Ndinaona dzanja la bambo likuchoka pa padi, likufunafuna giya m'mphepo, pambali pa bondo lawo. Analibweza mwamsanga ngati agwira mbaula. Lole inanyamuka, ndipo polowa giya yachiwiri inakukuta mano monga inkachitira nthawi zonse.

"Eyaa," anatero amalume, akuloza TV ndi chala chakuda. "Giya yachiwiri. Ndinakuuzani chaka chija kuti tiimasule, munakana. Musagule, alamu, mpaka aikonze."

"Sindikugula chifukwa ndi yanga."

"Ayi, simukugula chifukwa giya ikulira."

"Ikanakhala yosalira?"

"Bwenzi si yanu."

Bambo anangokhota pakona mosayatsa indiketa.

Amalume anatsika pa sofa, anagwada kutsogolo kwa TV, n'kupendeketsa mutu kuti aone kunsi kwa lole. Ataona kuti sizikutheka anandifunsa ngati muli jeke. Ndinawauza bambo batani lotembenuzira kamera, ndipo kunsi kwa Mkazi Wamkulu kunaonekera konse: ekizozi yomanga ndi chitsulo cha bedi lakale, ndi kadontho ka oyilo kakugwa pang'onopang'ono. Kadontho kameneko kanandidyera sabata yathunthu.

Amalume ananena mwaulemu, ngati ali pamaliro, kuti amene anapanga zimenezi anagonapo chagada pansi pa lole imeneyi. Zinali zoona. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinkakwawira pansipo kuwapatsira masipanala, iwo osazindikira n'komwe kuti dzanja lowapatsiralo ndi la ndani.

Bambo anaimitsa lole pakati pa msewu.

"Anagonapo chagada," anabwereza. "Alamu, amene ankagona pansi pa lole yanga ndi ndani?"

"Ine."

"Ndiye?"

"Ndiye msana wanganso ukundipweteka, koma sindidandaula."

Bambo analowetsa kamera mkati mwa kabini, ngati wapolisi wofufuza. Mpando wong'ambika unali pomwepo, ndi chopukutira chachikasu pa dashibodi. Ndipo pagalasi la mkati pankalendewera kansapato kamodzi kofiira ka mwana. Kanali kanga. Kanzake kanatayika ndili wakhanda, ndipo bambo anamangirira kotsalako pamenepo mpaka tsiku logulitsa, pomwe anakamasula n'kukaika mu dirowa ya masokosi.

"Kansapato aka wogula uja sanakaone," anatero bambo pang'onopang'ono. "Ndi wa m'banja ameneyu. Alamu, mwandigulitsa."

"Ine ndikugulitseni inu? Angakuguleni ndani ndi msana umenewo?"

"Mwagulitsa zithunzi za lole yanga."

Amalume anaimirira, anasasa mawondo, n'kufotokoza modekha kuti foni yawo ndi ya mabatani, kuti kompyuta anaigwirapo kamodzi ndipo inazima, komanso kuti akanapanga iwo chitseko chikanakhala chowongoka, chifukwa munthu sangaike manyazi ake pa TV dziko lonse lizionera. Bambo anati zimenezo n'zimene wakuba wochenjera anganene. Amalume anati sakudziwa, sanachezepo ndi wakuba wochenjera, amene amabwera ku galaja ndi opusa okhaokha.

Apa n'kuti bambo atayambanso kuyendetsa, mkwiyo uli pa mafuta. Lole inali pakati pa chitunda, ikukwera mwa ulemu wake, pamene mphindi zisanu zinatha. Chithunzi chinaima. Panabwera kabokosi kofunsa ngati akufuna kugula.

"Pachitunda," anatero bambo. "Munthu wosaopa Mulungu. Amakuimitsa pachitunda."

"Ikani mwala kutayala," anatero amalume.

Pansi pa kabokosiko panali batani lina laling'ono, lodandaulira. Bambo analiona. Anandibwezera padi n'kunena kuti ndilembe kuti katunduyu ndi wakuba, achotsedwe.

Ine malamulo a sitoloyo ndimawadziwa ngati mafunso a mayeso. Wopanga watsopano akanenezedwa kuba, modi yake amaichotsa tsiku lomwelo, ndipo dzina lake amalitseka. Matemu awiri aja, kadontho ka oyilo, kutsokomola kwa injini, zonse zikanapita ndi chala changa chomwe. Koma ine ndine munthu woti m'kalasi ndinkadziwa yankho n'kumapemphera kuti aphunzitsi asandione. Ndinatsegula tsamba lodandaulira.

Bambo anafunsa dzina la wakubayo. Ndinawerenga motsitsa mawu kuti amadzitcha Nsapato Imodzi. Ndinadikira kuti azindikire. Sanazindikire.

"Mwamva, alamu?" anatero amalume. "Munthu ali ndi nsapato imodzi. Mlipireni akagule inzake."

"Sindilipira chinthu chopangidwa ndi wosewera mnzanga."

"Nanga ine ndikakonza galimoto, mumati poti galimoto munagula kale ndiye sipanala yanga ndi yaulere?"

"Inu mumada manja. Uyu sanade manja."

"Munawaona manja ake?"

Ndinabisa zala pansi pa padi.

Kulemba ndi padi n'kochedwa, umasankha chilembo chimodzichimodzi, ndipo tsiku limenelo ndinkachedwa kuposa kamwana ka sitandade wani. Bambo ankayendayenda kumbuyo kwanga akulakatula. Ndilembe kuti iwo ndi mwini weniweni. Ndilembe kuti anaiyendetsa zaka khumi ndi chimodzi popanda ngozi. Amalume anakumbutsa za chitseko, bambo anati chipata ndi chimene chinagunda lole. Amalume anapempha kuti poti tikulemba kale, ndiwonjezere kuti wopangayo achotse waya wa pagalasi, aike bawuti, chifukwa anthu azifunsa kuti makaniko wake anali ndani. Bambo anati iyi si kalata yopempha kukonza, ndi yofuna kuti lole ichotsedwe.

"Ichotsedwe ipite kuti?" anafunsa amalume.

"Ifufutidwe. Isapezekenso."

"Ndiye mugulitsa kachiwiri, ulendo uno popanda ndalama."

Bambo anaima. Anayang'ana lole ija itaima pachitunda kumbuyo kwa kabokosi, kansapato kali lende pagalasi. Ndinaganiza kuti asintha maganizo. Koma bambo akanena chinthu pamaso pa alamu awo, amachikwera mpaka pamwamba ngakhale mafuta atatha.

"Tumiza, mami."

Chala changa chinali pa batani. Ndinamva mayi akutseka mpopi kukhitchini. Ndinamva wotchi ya pakhoma. Ndinalankhula, koma mawu anathera pa kolala ya diresi.

"Akuti chiyani?" anafunsa amalume, akuwerama.

Ndinaika padi pansi.

"Ndinapanga ndine, bambo. Nsapato Imodzi ndi ine."

Palibe anaseka. Poti ndinali nditayamba, zotsalazo zinangotuluka zokha, mosakonzeka: za chipinda cha makompyuta, za zithunzi za mufoni ya mayi, za injini imene ndinajambula nditabisala kuseri kwa chipata, za tsiku lobadwa lija ndi masokosi. Ndinati ndinkaona mmene amalambalalira banga la oyilo pabwalo. Pamenepo ndinasiya.

Amalume anagwira dzanja langa, analitembenuza, analiyang'ana mbali zonse, n'kuuza bambo kuti n'zoona silinade, koma chala chachikulu chili ndi chikanga. Kenako anandinong'oneza kuti za chitseko tikambirana bwino, sanakwiye.

Bambo anakhala pansi pa mpando wawo. Anavulanso magalasi, ndipo ulendo uno anachedwa kuwapukuta. Atavala anati ndifufute dandaulo lonse, ndibwerere pa kabokosi kaja. Anasendera pafupi ndi TV n'kuwerenga mtengo, milomo ikuyenda.

"Mtengowu unaika ndiwe?"

"Inde, bambo."

"Wekha? Palibe anakukakamiza?"

"Palibe."

Anatembenukira kwa amalume, akuloza TV ndi dzanja lonse.

"Alamu, mukumuona mwana wa mlongo wanuyu? Lole ya zaka khumi ndi chimodzi, injini yosatsegulapo, mwini mmodzi, akuigulitsa mtengo wa buledi." Anatulutsa chikwama m'thumba la kumbuyo, n'kundiponyera khadi pamiyendo. "Ukweze mtengo umenewo, anthu asamatipeputse. Koma dikira ndigule kaye."