Matenda anali pakhosi, koma yotupa inali miyendo

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Monile mose! Chitumbuka changa chimathera pomwepo, ndiye mundilole ndilankhule Chichewa.

Ine ndine mayi Gondwe, mphunzitsi wa ku pulayimale ku Mwazisi. Kwathu ndi ku Mulanje. Kuno ndinabwera ndi ntchito, n'kukwatiwa konkuno. Ndinali munthu wamphamvu, abale. Chipatala ndinkangochidutsa.

Ndiye zinayamba. Kudya ndinkadya ngati anthu awiri, koma kuwonda! Mwezi wa Juni anzanga avala majuzi, ine thukuta kamukamu. Choko chinkapulumuka m'manja chifukwa cha kunjenjemera. Mtima uli thi thi thi, chonsecho ndangokhala pampando. Kenako miyendo inatupa. Thupi likuwonda, miyendo ikutupa. Zimenezi munthu angazimvetse bwanji?

Apongozi anga anati, "Mwaponda mankhwala panjira." Anzanga kusukulu ankanong'onezana za matenda aja. Ndinakayezetsa kawiri, osapezeka. Amuna anga anasiya kufunsa, ankangondiyang'ana.

Tsiku lina ndinagwa ndikulemba pabolodi. Ana anatuluka akulira. A hedi anati, "Madamu, mwina mupume kaye ntchito." Abale, ndinkagwada, koma chopempha sindinkachidziwa. Ndinkangoti, "Ambuye, mundiuzeko dzina la chinthuchi. Dzina lokha."

Kuchipatala cha pa Boma ananditumiza ku Mzuzu. Ndinapita ndi amuna anga. Dokotala wake anali mayi. Anandigwira pakhosi n'kunena kuti ndimeze mate. Ndinati, "Adokotala, ine ndabwerera miyendo." Anamwetulira, n'kutenga magazi.

Zotsatira zitabwera anatikhazika pansi. Anati, "Mayi, chithokomiro chanu pakhosipa chikutulutsa mahomoni ochuluka. Amenewa ndi timadzi tonyamula uthenga m'magazi. Tikafika mumtima timauuza kuti fulumira, fulumira. Mtima wanu watopa."

"Nanga miyendo?"

"Mtima ukatopa, madzi amadikha m'thupi. Ndiye nawonso umatulutsa timadzi take, touza impso kuti zitaye mchere ndi madzi. Timeneto tatiyeza, tachuluka kwambiri. Mtima wanu wakhala ukuitana, koma ntchito yaukulira."

Ndinati, "Mtima umatumiza uthenga kwa impso?"

"Eya."

"Khosi likulamula mtima, mtima ukulamula impso, koma yotupa ndi miyendo?"

"Eya, mayi."

Abale, ndine mphunzitsi, koma pamenepo ndinalephera. Dokotala uja anajambula papepala, mivi uku, mivi uku. Mutu unangoti balala. Amene anafunsa funso lanzeru ndi amuna anga. Anati, "Ndiye palibe amene anamuchita?"

"Palibe, bambo."

Anagwira kumaso n'kulira, bambo wamkulu, pamaso pa dokotala. Sindinadziwe kuti nawonso anali atasenza katundu wotero.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti ndinachiriratu. Ndikumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Ndiwo zanga ndi za mchere pang'ono, ndipo sizikoma. Mwezi uliwonse ndimapita kukayezedwa. Mmene timadziti timalankhulirana sindikumvetsabe. Koma amene anaumba thupili akumvetsa, ndipo anapereka nzeru kwa dokotala uja.

Miyendo inaphwa. Kuntchito ndinabwerera. M'mawa uno ndayenda pansi kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi kuno, ndipo ndapuma kamodzi kokha.

Ndithandizeni kumuyamika, abale. Yewo chomene. Ameni.