Khutu la ba Sajeni

Pa siteji ya minibasi ku Kanyama, mayi wina wa mawu okweza anayamba kucheza ndi bambo amene anaima naye pafupi.

"Niyenda ku chipatala," anatero mayiyo. "Bafufuza matenda ya masoja opuma nchito."

"Mupelekeza bamuna banu?"

"Naimwe mwayamba! Bofufuza boyamba benze bamuna bekabeka. Kufika pakhomo panga, ati, 'Bamayo, ba Sajeni bali kuti?' Nati Sajeni ndine. Banaseka, bayenda."

"Manje vasintha?"

"Banalembako bakazi, na bena bamene banavalapo yunifomu. Umozi wa beve, mtsikana wa ku Matero, anangoona mwamene nipendekela mutu, ati, 'Khutu ili linafa na mfuti, ai?' Lelo banipima."

"Ndiye chifukwa mukuwa chonchi."

"Kukuwa? Bambo, apa ninong'ona chabe!"