Telala Afuna Gawo Lachiwiri

Telala wa mumsewu mwathu, munthu woti akati ayi ndi ayi basi, analanda mwana wake wamkazi buku la nthano, ati likumuwononga mutu. Sipanapite nthawi, ndinangomuona akulowa mulaibulale mozemba, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mayi," ananong'ona, "ndikufuna gawo lachiwiri la buku lija la mnyamata wobisala m'sitima yapamadzi. Si langa ayi, ndi la mwana."

Mayi wa mulaibulale amatenga mawu monga momwe abwerera. Anakweza magalasi. "Ngati ndi la mwana, alipo ena abwino zedi. Ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu. Koma ndikufuna lomwelo."

"Amsinkhu umenewo amakonda ili, la nthano zifupizifupi. Kapena ili, la atsikana osewera mpira."

"Mpira ndilibe nawo ntchito."

"Inu kapena mwana?"

"Mwana," anatero telala, akudzikanda m'khosi. "Mwanayo sakugona, mayi. Dzulo anasoka thumba la buluku chadodolido poganizira mnyamata uja."

"Iii, kani amasokanso? Ndiye limuyenera ili, la mtsikana wosoka madiresi."

"Madiresi atani kodi? Akufuna kudziwa ngati kaputeni anam'peza mnyamatayo. Buku lathera pomwe chitseko chikutseguka. Ndi nkhanza zimenezo, kum'siya munthu pamenepo."

"Aa, ngati ndi zimenezo musavutike," anatero mayiyo, akubweza mabuku pashelefu. "Mwana wanu akudziwa kale. Gawo lachiwiri anadzabwereka yekha, ndipo sanabweze."

Telala anagwira tebulo ndi manja onse. "Lili m'nyumba mwanga?"

"Anati analibisa, poti kwawo kuli munthu wolanda mabuku."

"Chabwino, tangondinong'onezani inuyo. Anam'peza kapena ayi?"

"Mwana akudziwa kale, bambo. Mukamuuzirenji kawiri?"

Apa ine ndinamumvera chisoni ndithu telalayo. Anavula tepi ija, n'kuipinda, n'kuivalanso.

"Nanga tiyerekeze," anatero mawu ali pansipansi, "kuti wofunayo ndi munthu wamkulu, wandevu zake."

"Oo, mukanangonena poyamba," anayankha mayiyo. "Mwana wanu anati bambo ake akabwera ndiwauze kuti iye awabwereka bukulo, koma ayamba waona kaye ngati silingawawononge mutu."