Anati Ndine Ndinatupitsa Mapazi a Akazi Anga

Abusa, akuluampingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Mumandidziwa, sindine wolankhulalankhula. Koma lero ndikufuna kuchitira umboni.

Chaka chatha akazi anga, mayi a Tamala, anali oyembekezera. Mimba itakula, mapazi anatupa, nkhope inatupa, mutu sunkasiya kuwawa. Kusikelo anamwino anatiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, ija timati BP. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Anatichenjezanso kuti mapiritsiwo amabweretsa tulo, tisadabwe.

Apongozi atabwera kuchokera ku Kasenengwa, anapeza mwana wawo akusinza masana, mapazi osalowa m'nsapato. Sanalankhule nane. Anatuma ankhoswe, ndipo ankhoswewo anandikhazika pansi kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Tamala, uwu ndi mdulo. Mkazi wapakati satupa chabe, amatupa mwamuna akayenda kunja. Mwayenda ndi ndani? Ululani, timupulumutse."

Ndinati, "Palibe."

"Amuna nonse mumayamba ndi palibe."

Abale, palibe. Ndinanena tsiku lija, ndikunenanso pano pamaso pa Mulungu. Ndinawaonetsa mapiritsi aja. Anati, "Amenewa ndiwo akumufooketsa." Anawatenga mayi a Tamala kupita nawo kumudzi, anawasiyitsa mapiritsi, n'kumawamwetsa mizu. Ine anandiletsa kupondako mpaka nditaulula. Ndiulule chiyani?

Nkhani inafika muno. Ena mwa inu munkati mukandiona, mumapatuka. Sinditchula munthu, mukudzidziwa.

Tsiku lina ndikupalira mtedza, mlamu wanga anandiimbira foni. "Alamu, thamangani! Asisi akugwa ngati akhunyu, sakuzindikira munthu."

Tinawafikitsa kuchipatala ku Chipata atadziluma lilime. Anawabaya jakisoni woletsa kugwa kuja, wina wotsitsa BP, kenako anawachita opaleshoni. Adokotala anandifunsa kuti, "Mapiritsi anasiyiranji?" Apongozi anali chiimirire pafupi nane. Anangoyang'ana pansi.

Anali mwana wamwamuna. Sanalire. Ine sindinamuone nkhope. Azimayi anakamuika okhaokha monga mwa mwambo, ine ndili pabenchi ya kuchipatala.

Mpaka lero palibe amene anabwera kudzati pepani. Palibe. Mtima wanga sunapole, sindikunamizani. Abusa, pa chimenechi mundipempherere.

Koma adokotala anandiuza kuti tikanachedwa pang'ono, maliro akanakhala awiri. Mulungu anakana. Anthu anataya mankhwala, Mulungu anakana.

Mayi a Tamala, taimirirani. Ndi awo, abale. Akuyenda okha, ana awo akuwaitana amayi, iwo akuyankha. Pa ichi chokha ndikuthokoza Ambuye ndi mtima wanga wonse.

Kondwerani nane, abale. Ine mawu oimbira ndilibe lero. Amayi a kwaya, yambitsani nyimbo, muimbe mokweza, mundiimbireko ndi ine.