Mabeseni Awiri a Anathovu

Malemu mayi athu anabadwa pa 9 Malichi, 1971, m'nyumba za kumunsi kwa njanji. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Mayi awo ankagwira ntchito ya m'nyumba kumtunda, kumene kunkakhala mabwana a fakitale, anthu a khungu loyera. Za bambo owabereka sitinena zambiri, poti bambowo nawonso sananenepo kanthu za mwana wawo. Chimene anawasiyira ndi khungu lofiirira ndi tsitsi lofewa, ndipo ziwirizi zinawavutitsa moyo wonse. Kumtunda ankati ndi wakuda, kumunsi ankati ndi mzungu wosowa kwawo. Anawalera ndi a kalipentala amene anadzakwatira mayi awo pambuyo pake, ndipo amenewo ndi amene malemu ankawaitana kuti bambo.

Sukulu anayamba mu 1978, koma analekeza m'kalasi lachisanu ndi chiwiri chifukwa ang'ono awo ankasowa wowalera. M'kalasi sanali otchuka, tisanamepo pa maliro. Koma pa bwalo la mpira wamanja, anzawo amene muli pano mungachitire umboni. Anali aatali, ndipo mpira ukangofika m'manja mwawo pansi pa golo, otchinga ankayamba okha kubwerera pakati.

Mu 1987 aphunzitsi ena anawatengera ku kalabu ya masewera ya kumtunda kuti akawayese. Anamwetsa zigoli mpaka oonerera anasiya macheza awo. Masewera atatha anauzidwa kuti timu yadzaza, koma kochapira kukufunika munthu. Tsiku lomwelo anawalozera khomo la kumbuyo, la pafupi ndi mabini a zinyalala, ndipo ndi khomo limene akhala akulowera mpaka chaka chino. Atsikana osewera anawapatsa dzina loti Anathovu, poti manja awo sankaoneka opanda sopo.

Mu 1994 anakwatiwa ndi bambo athu, amene ankatchetcha kapinga pa kalabu pomwepo. Kalabu inawapatsa chipinda kuseri kwa bwalo. Amene munabwera kudzapepesa mwachiona: bedi, kabati, ndi zenera limodzi loyang'ana ku bwalo. M'mawa uliwonse malemu akatsegula katani, choyamba kuona chinali mkombero wa golo umene sanaloledwe kuponyamo. M'chipinda chimenecho analereramo ana atatu. Bambo atamwalira mu 2009, mayi anakumbutsidwa mwaulemu kuti chipinda ndi cha wogwira ntchito, osati cha banja. Kuyambira pamenepo ntchito ndi denga zinali chinthu chimodzi.

Mu 2012 oyendetsa ligi analamula kuti kalabu iliyonse izilandira osewera a mtundu uliwonse, apo ayi ichotsedwe. Kalabu inayamba kutsegula geti Lachitatu lililonse kwa atsikana a kumunsi. Anajambulitsa chithunzi onse atagwirana manja, ndipo chili pakhoma mpaka lero. Chimene sichinalowe m'chithunzimo ndi kochapira. Komiti inagula mabeseni awiri, lofiira la majezi a ana a kumtunda ndi lobiriwira la ana a kumunsi. Zingwe zoyanikira nazonso zinali ziwiri. Ndipo poti majezi onse ndi ofanana, malemu anauzidwa kuti asokere kaulusi kakuda mkati mwa kolala ya jezi iliyonse ya kumunsi, kuti asasokonekere.

Kwa inu amene simudziwa mpira wamanja, jezi imakhala ndi zilembo zosonyeza malo amene munthu akusewera. Wina akatuluka, amavula n'kupatsa wolowayo, ndi thukuta lake lomwe. Zimenezi ndi zimene makolo ena a kumtunda ankakana. Majezi a ulusi wakuda anali a otchinga okhaokha. Ya womwetsa zigoli inalibe ulusi. Choncho mwana wa kumunsi, kaya akhale ndi dzanja lotani, ntchito yake inali kutchinga, kapena kukhala pa benchi n'kumasunga madzi a anzake.

Malemu anakadandaula kwa a manejala kamodzi kokha. Anawayankha kuti palibe amene wawamanga mwendo, geti ndi lotsegula. Mayi anabwerera kuchipinda, anayang'ana ana awo atatu, n'kutenga singano. Pakamwa pawo pankatseguka m'nyumba mokha. Ankati, "Thukuta lilibe mtundu. Funsani ine amene ndimalinunkhiza lonse." Tikaseka, ankatikalipira kuti titsitse mawu, khoma ndi lopyapyala.

Mu 2019 mwana wawo womaliza, wamkazi, analowa timu. Anatengera msinkhu wa mayi ake, anatengera dzanja, ndipo malo ake anali pa benchi. Malemu anapirira miyezi ingapo akumuonera pa zenera. Kenako anatenga lezala, anadula ulusi wonse, anachapa majezi onse m'beseni limodzi n'kuwayanika pa chingwe chimodzi. Atsikana anazindikira msanga, koma anasunga pakamwa, a kumtunda ndi a kumunsi omwe. Palibe amene anatuluka zidzolo.

Zinaululika pa masewera otsiriza a chaka chimenecho. Womwetsa zigoli, mwana wa a dokotala a kumtunda, anavulala bondo. Anavula jezi yake pamaso pa anthu onse n'kumuveka yekha mwana wa Anathovu. Musadikire kuti tinene kuti timu inapambana, inagonja. Makolo ena atadandaula, komiti inayang'ana m'makolala a majezi n'kupeza kuti ulusi mulibe, ndipo Lolemba lake inaitana malemu. Inati palibe amene akudana ndi munthu, koma dongosolo ndi dongosolo: mabeseni awiri, kapena abweze kiyi wa chipinda. Mayi athu anali atakula, manja atang'aluka, ndipo kumunsi analibe ngakhale khonde loti angagonepo. Anasokeranso ulusi uja, jezi ndi jezi, ndipo mwana wawo yemwe uja ndi amene ankawalowetsera ulusi mu singano, chifukwa maso anali atayamba kufooka. Chaka chotsatira mwanayo anaima. Sukulu ndi mpira zinathera pomwepo, ndipo m'chipinda muja munaonjezereka kamdzukulu.

Chiyambire maliro ano, ena mwakhala mukunena kuti malemu anali olimba mtima, ena mukuti anagonja. Ife amene tinkagona nawo chipinda chimodzi tikungoti anali mayi wa ana, ndipo analibe kopita.

Kudwala kunayamba mu Novembala 2023. Ankabanika, ndipo achipatala anati mapapo anali atatopa ndi mankhwala oyeretsera zovala amene anawapuma zaka zonsezi. Kuti chipinda chisapite, mwana wawo wamkazi uja analowa kochapira, mwana kumsana, mabeseni awiri monga mwa lamulo. Malemu ankagona akumva mpira ukugunda kuseri kwa khoma, ndipo ankadziwa ndi khutu lokha kuti waponyayo waphonya. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Ogasiti, ndipo anatisiya pa 14 Ogasiti, 2024, Lachitatu masana, atsikana a kumunsi akulowa pa geti.

A manejala anabwera kudzapepesa ndi nkhata ya maluwa, ndipo tathokoza. Ananenanso kuti ntchito ndi chipinda zikhoza kukhala za mwana wa malemu, ngati angamagwire monga ankagwirira mayi ake, ndipo yankho alimve maliro akatha. Poti a komiti muli pano, sitikuvutitsani ndi kudikira.

Dzulo amayi osambitsa thupi anapempha beseni. Pakhomo panalibe lina koma awiri aja. Lobiriwira ndi long'aluka, lomatamata, ndipo mayi athu sitikanawasambitsira m'chinthu chodontha. Ndiye tinatenga lofiira. Lagwira ntchito yake yotsiriza, ndipo sitikukhulupirira kuti pali kholo limene lingafune kuti jezi ya mwana wake ichapidwemonso. Latsala limodzi. Lolemba m'mawa mwana wa malemu adzakhala ali kochapira, chifukwa mwana wake sangagone pa njanji, ndipo majezi onse adzalowa m'beseni lotsalalo.

Tikudziwa kuti mabeseni sanathe m'sitolo. Mukagula lina, iye alibe kothawira, adzachapa monga anachapira mayi ake. Chimene tikupempha n'chakuti musadzatume mlonda. Amene akufuna beseni lachiwiri adzalinyamule yekha m'manja, adzalipereke Lachitatu, atsikana onse akuona.

Malemu asiya ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, adzukulu anayi, ang'ono awo awiri ndi alongo awo mmodzi.

Ife a banja tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, a mpingo, ndi amayi a kumunsi amene kale ankawatcha mzungu koma dzulo ndi amene anawasambitsa. Tikuthokoza a mlonda, amene masiku a maliro ano sanafunse aliyense kuti akuchokera mbali iti ya njanji. Tikuthokoza atsikana a timu, akale ndi atsopano, amene akhala akutunga madzi ndi kutsuka mbale, ndiponso mwana wa a dokotala, amene anabwera yekha n'kukhala nafe pansi. Amene sitinakutchuleni, Mulungu wakuonani.

Mayi, manja anu auma tsopano, apumitseni. Mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo kumene mwapitako mukalowere khomo la kutsogolo.